Kodi Mlandu Umayamba Pamaliro?

Kumapeto kwa Ogasiti chaka cha 2000, sukulu za ku America zikutsekulira, oyang'anira mabasi onyamula ana a sukulu anayamba kulandira makalata odetsa nkhawa. Kampani ya Thomas Built Buses, ya mumzinda wa High Point ku North Carolina, inkawachenjeza kuti mabasi ake pafupifupi 6,000 ali ndi vuto m'mabuleki. Gwero la vutolo linali kachipangizo kopangidwa ndi kampani ina, ya Bendix, ya ku Elyria m'chigawo cha Ohio. Popeza Bendix inkagulitsa kachipangizoka kwa opanga magalimoto akuluakulu ambiri, posakhalitsa zinadziwika kuti magalimoto okhudzidwa ndi pafupifupi 300,000, ndipo mwa amenewa pafupifupi 46,000 anali mabasi a sukulu.

Vutolo linali lotere: basi ikamayenda pang'onopang'ono, pa liwiro losapitirira makilomita 32 pa ola, dalaivala ankatha kuponda buleki koma buleki osagwira, mpaka kwa masekondi atatu. Kenako inkagwiranso ngati palibe chimene chachitika. Zoterezi zinachitikira basi ina ya sukulu ku San Francisco, koma dalaivala wake anakwanitsa kuiimitsa bwinobwino. Masekondi atatu ndi nthawi yongokwanira kuyasamula. Komabe basi yoyenda makilomita 30 pa ola imadutsa mamita 25 pa nthawi imeneyo, mtunda wofanana ndi mabasi awiri aatali atandondozana. Ndipo malo amene basi ya sukulu imayenda pang'onopang'ono ndi omwewo amene pamakhala ana: pachipata cha sukulu, pamphambano, ndi pokwerera pamene ana amaima m'mbali mwa msewu zikwama zili kumsana. Ku America, ana amene amafa ali pansi pafupi ndi basi ya sukulu amachuluka kuposa amene amafa ali m'kati mwake.

Kuti nkhaniyi imveke, n'kofunika kudziwa mmene mabuleki a mpweya amagwirira ntchito. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi lole yaikulu amakudziwa kufwenkha kumene kumamveka ikamaima. Injini imayendetsa pampu yodzaza mpweya m'matanki, ndipo dalaivala akaponda buleki, mpweyawo umathamangira kumatayala n'kukankha zitsulo zimene zimagwira gudumu. Nzeruyi inayambira pa sitima zapamtunda. George Westinghouse anailembetsa mu 1869, koma mabuleki ake oyambawo anali ndi chilema chachikulu: paipi ikaduka, mpweya unkathawa, sitima n'kutsala yopanda buleki. Mu 1872 iye anaitembenuza nzeruyo, kotero kuti kuthawa kwa mpweya ndiko kunkagwiritsa buleki. Pa mabasi ndi malole a masiku ano ntchito imeneyi imagwiridwa ndi sipuling'i yamphamvu imene mpweya umaipanikiza kuti isagwire matayala. Mpweya ukayamba kuchepa, nyali imayaka ndipo belu limalira kutsogolo kwa dalaivala. Ukachepa kwambiri, sipuling'iyo imamasuka n'kumanga matayala akumbuyo. Amisiri amenewa anavomereza kuti chopangidwa ndi munthu chidzawonongeka ndithu tsiku lina, ndipo anakonzeratu kuti chikamawonongeka chizidziulula.

Vuto la chaka cha 2000 silinkadziulula. Kuyambira mu Malichi 1998, boma la America linalamula kuti mabasi atsopano a mabuleki a mpweya azikhala ndi ABS, makina oteteza kuti matayala asamangike n'kuyamba kutsetsereka pamsewu woterera. Pagudumu pamakhala kachipangizo kowerenga kuzungulira kwake, ndipo kamatumiza uthenga pawaya kupita ku kakompyuta kakang'ono. Kakompyutako kakaona kuti gudumu lamangika, kamatulutsako mpweya kwa kanthawi kuti lizungulirenso. Pa makina a Bendix aja, waya akakhuzuka kapena uthenga ukasokonekera, kakompyutako kankaganiza kuti gudumu likutsetsereka pamene silikutero, ndiye kankamasula buleki. Matanki anali odzaza, geji inkaonetsa kuti zonse zili bwino, belu silinkalira. Dalaivala wosamala kwambiri, wozungulira basi yake m'mamawa uliwonse asanaidzutse, sakanatha kuona chilichonse. Chinthu chimene chinaikidwa kuti chipulumutse moyo ndicho chinabweretsa ngozi, ndipo odziwa za ngoziyo anali ochepa, onse akuluakulu, onse okhala kutali ndi msewu umene anawo ankadutsa.

Funso limabuka pamenepa, ndipo si lopepuka monga limaonekera. Basi ya ku San Francisco ija inaima bwinobwino. Kodi kampani imene yapeza cholakwa chotere, chimene chimachitika mwa apo ndi apo, ili ndi udindo wodziulula pamaso pa dziko lonse? Munthu woganiza bwino akhoza kunena kuti ayi. Anganene kuti palibe makina angwiro, kuti kukonza magalimoto 300,000 n'kuwononga chuma chimene chikanalipira antchito, kuti kulengeza kudzangochititsa mantha makolo, ndi kuti njira yabwino n'kukonza mwakachetechete makina atsopano, akalewo n'kuwasiya atope okha. Wolankhula choncho sakufunira mwana aliyense imfa. Akungowerengera, ndipo mwina masamu ake akhoza kukhala olondola.

Malamulo a Mose, m'buku la Eksodo mutu 21, ali ndi nkhani ya ng'ombe imene yagunda munthu n'kumupha. Ngati ng'ombeyo inalibe mbiri yogunda anthu, mwini wake alibe mlandu wa imfayo. Koma ngati inali ndi chizolowezi chimenecho, mwini wake n'kuchenjezedwa koma osaitsekera, mlandu wa imfa uli pamutu pake. Ng'ombe ziwirizi n'zofanana, nyanga zake n'zofanana, malirowo n'ngofanana. Chosiyana n'chimene mwini ng'ombe ankadziwa. Tsono munthu angaganize za eni ng'ombe awiri amene onse anachenjezedwa ndipo onse anazisiya ng'ombe zawo zikungoyendayenda m'mudzi. Ya woyamba yapha mwana, ya wachiwiri yakalamba n'kufa yokha osagundanso munthu. Bwalo la milandu lidzaitana woyamba yekha, ndipo n'zomveka, chifukwa bwalo limaweruza zimene zachitika. Koma pa zimene anthu awiriwa anasankha palibe kusiyana ngakhale pang'ono. Onse anaika ana a anzawo panjira ya nyanga. Wachiwiriyo anangochita mwayi, ndipo mwayi sungawerengedwe ngati khalidwe labwino la munthu.

Choncho pa nkhani ya mabasi pali zolakwa ziwiri zimene anthu amakonda kuzisakaniza. Choyamba ndi kulakwitsa popanga makinawo. Chimenechi chikhoza kugwera mmisiri aliyense, ngakhale wakhama ndi woona mtima, pakuti palibe amene angayeseretu msewu uliwonse, dzimbiri lililonse ndi waya aliyense amene adzakhuzuke patapita zaka ziwiri. Chachiwiri ndi kukhala chete utadziwa. Chimenechi sichigwera munthu mwangozi, amachita kuchisankha, ndipo amachisankhanso m'mawa uliwonse pamene basi ikutuluka m'galaja iye akudziwa. Kampani yoitanitsa magalimoto ake kuti akakonzedwe imavomera cholakwa choyambacho pofuna kupewa chachiwiri. Anthu ambiri akamva za kuitanitsako amaona manyazi a kampani, osaona kuti pa zonse zimene ikanachita panthawiyo, chokhacho ndicho chinali choyenera.

Masamu a woganiza bwino uja ali ndi chilema chinanso: amawerengera ngozi imene adzaisenze ndi ena. Munthu wamkulu ali ndi ufulu wina wake woika moyo wake pachiswe. Akhoza kukwera njinga yopanda buleki akudziwa, ndipo anthu adzangoti ndi wopusa. Koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amene akukwera basi yachikasu ija sanasankhe basiyo, sanasankhe dalaivala, sadziwa kuti pansi pa mpando wake pali matanki a mpweya. Lamulo limamukakamiza kupita kusukulu, ndipo makolo ake amamupereka m'manja mwa anthu amene sanawaonepo. Tsiku lililonse ana oposa 20 miliyoni a ku America amayenda motero. Mtundu wachikasu uja unagwirizanidwa pamsonkhano umene Frank Cyr anaitanitsa ku Columbia University mu 1939, kuti aliyense pamsewu azidziwa ali patali kuti m'galimoto imeneyo muli ana. Mtunduwo umapempha alendo onse pamsewu kuti asamale. N'zosamveka kuti amene anapanga basiyo akhale woyamba kukana pempholo. Wosunga chinsinsi cha buleki yowonongeka akubetcha, koma chimene waika pabetchapo si chake.

Boma la America silinasiye nkhaniyi m'manja mwa chikumbumtima chokha. Lamulo la chitetezo cha magalimoto la mu 1966 ndilo maziko ake, ndipo bungwe la NHTSA, lokhazikitsidwa mu 1970, ndilo limayang'anira. Masiku ano kampani ikazindikira kuti galimoto yake ili ndi vuto loika moyo pachiswe, iyenera kudziwitsa bungweli pasanathe masiku asanu ogwira ntchito, kulembera eni magalimotowo pasanathe masiku 60, ndi kukonza vutolo popanda kulipiritsa. Lamuloli ndi labwino, koma lili ndi khomo limene munthu wochenjera angatulukirepo. Masiku asanuwo amayamba kuwerengedwa kampani ikadziwa, kapena pamene inayenera kudziwa. Nanga kudziwa kumayamba liti? Dalaivala mmodzi akadandaula, angathe kunena kuti anaponda molakwika. Akadandaula atatu, angathe kupanga komiti yofufuza. Komitiyo ingathe kupempha kafukufuku wina. Munthu akhoza kukhala zaka zambiri akusamala kwambiri kuti asadziwe chinthu chimene mtima wake unachidziwa kale.

Zoterezi zinaonekera poyera ku kampani ya General Motors. Magalimoto ake ena aang'ono anali ndi swichi ya kiyi yofooka, imene inkatha kuzimitsa injini galimoto ili pa liwiro, ndipo matumba a mpweya oteteza anthu pangozi sankatuluka. Amisiri ena a kampaniyo ankadziwa za vutoli kwa zaka pafupifupi khumi. Mu 2006 swichiyo inasinthidwa mwakachetechete, nambala yake osaisintha, kotero kuti ofufuza anavutika kuzindikira chifukwa chimene magalimoto akale ankachitira ngozi pamene atsopano sankatero. Magalimoto pafupifupi 2.6 miliyoni anaitanitsidwa mu 2014, ndipo thumba la chipepeso linavomereza imfa 124. Loya Anton Valukas, amene kampaniyo inamupempha kufufuza, anapeza chizolowezi chakuti anthu pamsonkhano ankagwedeza mitu kuvomereza kuti pachitike kanthu, kenako aliyense n'kutuluka osachita kanthu. Panalibe chigawenga chimodzi choti n'kuchiloza chala. Panali anthu ambiri wamba, aliyense akuganiza kuti nkhaniyo ndi ya ofesi ina. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo uwu unadikira zaka khumi, koma amene anaulipira poyamba sanali olakwawo.

Kalata yochenjeza ikatumizidwa, katunduyo amatsika pamutu pa kampani n'kukwera pamutu pa munthu wina: woyang'anira mabasi a sukulu za dera. Iyeyu ndiye ali pamalo ovuta kwambiri, ndipo nkhani zambiri zimamuiwala. Tsiku lina m'mawa iye sankadziwa kanthu ndipo analibe mlandu. Masana watsekula envelopu, ndipo tsopano ndi mwini ng'ombe wochenjezedwa. Mwina ali ndi mabasi 100, ndipo 30 ali pamndandanda. Zipangizo zatsopano sizingafike tsiku limodzi kwa magalimoto 300,000. Mawa ana akudikira pamsewu. Yankho loyamba kubwera m'mutu ndi lakuti aimike mabasi onse 30 mpaka atakonzedwa, ndipo yankholi limamveka loyera. Koma ana amene basi sinawatenge sakhala kunyumba. Amakwera magalimoto a makolo, amakwera ndi achimwene awo amene angolandira kumene laisensi, ena amayenda pansi m'misewu yopanda njira ya oyenda pansi. Lipoti la bungwe la Transportation Research Board la mu 2002 linapeza kuti ana pafupifupi 800 ankafa chaka chilichonse pamisewu ya ku America pa nthawi yopita ndi yobwerera kusukulu, ndipo mwa amenewa pafupifupi 20 okha ndiwo ankafa pa ngozi zokhudza mabasi a sukulu. Ambiri ankafera m'magalimoto aang'ono. Ndiye kuti woyang'anira amene waimika mabasi ake akhoza kukhala atawonjezera ngozi m'malo moichepetsa, kungoti ngozi yatsopanoyo sidzalembedwa pa dzina lake.

Apa m'pamene pamaonekera kusiyana pakati pa kufuna kuti ana apulumuke ndi kufuna kuti manja ako aoneke oyera. Zinthu ziwirizi nthawi zambiri zimayendera limodzi, koma pano zimapatukana. Woyang'anira wofuna kudziteteza ali ndi njira ziwiri zosavuta: kuimika zonse kuti asadzanenedwe, kapena kuika kalatayo m'kabati n'kudikira zipangizo ngati sanaione. Wofuna kuti ana apulumuke amatenga njira yotopetsa. Amaitana amakaniko Loweruka ndi Lamlungu, amagona pansi pa basi iliyonse kuyang'ana mawaya ndi tizipangizo ta m'magudumu, amachotsa pamsewu basi iliyonse yokayikitsa, amachotsa mabasi a pamndandanda m'misewu ya zitunda n'kuikamo ena, ndipo amasonkhanitsa madalaivala kuwauza chimene chingachitike ndi chochita chikachitika. Akachita zonsezi ngozi imakhalabe, yangochepa. Iye amagona usiku akudziwa zimenezo, ndipo palibe lamulo limene lingamuchotsere nkhawa imeneyo.

Nanga makolo awauze? Funsoli ndi lovuta kuposa la kampani lija, chifukwa apa kukhala chete kukhoza kuoneka ngati chifundo. Mayi akamva kuti buleki ya basi ya mwana wake ikhoza kukana, adzamutenga mwanayo pagalimoto yake, ndipo malinga ndi ziwerengero zija wamuika pangozi yokulirapo. Woyang'anira angadziuze kuti akubisa pofuna kuteteza. Koma maganizo amenewa ndi omwe aja a woganiza bwino wa ku kampani, angovala malaya ena. Onse awiri akunena kuti iwo ndiwo angasenze choonadi, ena onse ndi ofooka. Mwanayo ndi wa mayiyo, ndipo kusankha ngozi imene mwanayo ayendemo ndi udindo wake. Chimene woyang'anira ayenera kupewa ndi choonadi chatheka. Kungonena kuti mabuleki ali ndi vuto n'kuopseza anthu. Ayenera kunena zonse: vutolo ndi lotani, limachitika pa liwiro lanji, mabasi ayang'anidwa liti, zipangizo zifika liti, ndiponso kuti basi yoyang'anidwayo ndi yotetezekabe kuposa galimoto yapakhomo. Makolo ena adzasankhabe molakwika. Koma woyang'anira amene wabisa kamodzi, n'kudzadziwika, sadzakhulupiriridwanso tsiku limene adzanene kuti mabasi ali bwino, ndipo mawu amenewo adzawafuna chaka chilichonse.

Pali munthu wina amene dzina lake silikumbukiridwa: dalaivala amene buleki inamukana n'kugwiranso, iye n'kukanena. Akanatha kukhala chete. Basi inaima, palibe anavulala, ndipo kukauza bwana kuti buleki inakana kwa kanthawi n'kudziika pamalo okayikiridwa, makamaka makaniko akayesa n'kupeza zonse zili bwino. Vuto lobwera n'kupita ndi lovuta kulitsimikiza, ndipo wolinena amaoneka ngati wamantha kapena wofuna kubisa kulakwitsa kwake. Komatu kuitanitsa magalimoto zikwi mazana kumayambira pa anthu otere, ndi pa makaniko amene walemba dandaulolo m'buku m'malo moseka. Chakudza sichiimba ng'oma, koma kawirikawiri chimakhosomola pang'ono chisanafike, ndipo amene amamva kukhosomolako ndi antchito apansi amene mawu awo salemera pamsonkhano.

Anthu wamba nawonso ali ndi mbali yawo. Kampani imene yadziulula ikamanyozedwa kuposa imene yabisa bwino, makampani onse amaphunzirapo kanthu, ndipo chimene amaphunzira n'chakuti kubisa kumapindulitsa. Zimakhalanso choncho m'banja ndi pantchito: mwana amene amakwapulidwa kwambiri akaulula kuti waswa mbale amaphunzira kukwirira zigoba kuseri kwa nyumba, ndipo tsiku lina wina adzazipondapo. Izi sizitanthauza kuti woulula aziomberedwa m'manja ngati wachita zachifundo. Sanapereke mphatso, wangoyamba kubweza ngongole, ndipo ngongoleyo imatha pokhapokha basi yomaliza itakonzedwa ndi ndalama zake. N'koyeneranso kumufunsa mosanyengerera kuti anadziwa liti ndipo anadikiriranji. Koma funso limeneli n'losiyana ndi kumulanga chifukwa choti walankhula. Chaka chomwecho cha 2000, matayala a Firestone okwana 6.5 miliyoni anaitanitsidwa anthu ambiri atafa kale, ndipo mu Novembala boma la America linakhazikitsa lamulo la TREAD, lokakamiza makampani kupereka ku boma malipoti a madandaulo, a ngozi ndi a imfa, kuti wina wakunja aziona nawo zizindikiro zisanakule.

Ngakhale lamulo limeneli lili ndi malire ake. Kalata yochenjeza imatsata nambala ya galimoto, ya zilembo ndi manambala 17, kupita kwa mwini wake wolembetsedwa. Udindo wokonza mwaulere umatha galimoto ikapitirira zaka 15. Mabasi a sukulu a ku America akakalamba amagulitsidwa pamsika, ndipo ambiri amayendetsedwa kudutsa Mexico mpaka ku Guatemala ndi mayiko oyandikana nawo, kumene amapakidwa utoto wowala n'kuyamba kunyamula anthu a kumsika, ana a sukulu ndi katundu m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri. Mayiko onse ogula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, kuphatikizapo Malawi, ali m'gulu lomweli: galimoto imaoloka nyanja, kalata yake imatsala. Wogulitsa basi yakale amene m'faelo mwake muli kalata yochenjeza yosakwaniritsidwa amadziwa chinthu chimene wogulayo sadzachidziwa, ndipo pa tsiku logulitsalo amasankha kuika kalatayo pamodzi ndi makiyi kapena kuisiya m'kabati.